RE, HER2 ndi Ki-67 pa pepala la chotupa cha m'bere: kodi zikutiuza chiyani za tsogolo la wodwala?

Nangondo, Ulongué

Moni nonse, makolo ndi abale. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Angónia, ndipo ndabwera ndi nkhani ya akulu anga, mayi wa zaka 44 amene ali ndi ana 5 ndipo amapitabe kumwezi. Chaka chatha anamva kanthu kolimba m'bere lamanzere, ndipo chifukwa sikankapweteka anakhala nako miyezi 7 asanauze munthu. Titapita kuchipatala anawatumiza ku Tete, kumene anawatenga kachidutswa ka chotupacho, kenako anawachita opareshoni yochotsa bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Pepala la zotsatira lafika sabata yatha, lolembedwa m'Chipwitikizi cha madokotala chimene ngakhale ine, amene ndimaphunzitsa chinenerochi tsiku ndi tsiku, sindikuchimva.

Pa pepalapo alemba "carcinoma invasivo", kukula kwake masentimita 3.5, "grau 2", "gânglios 2/11", kenako m'munsi mwake "RE positivo 80%", "RP positivo 40%", "HER2 2+" ndi "Ki-67 25%". Mayi athu atamva mawu akuti "positivo" kawiri anayamba kulira ngati maliro achitika kale, popeza kwathu kuno mawu amenewa tinawaphunzirira pa matenda ena, ndipo palibe amene amawalandira ndi nkhope yosekerera. Dokotala anatiuza kuti akulu anga ayenera kulandira quimioterapia, mankhwala a khansa a m'dripi, pambuyo pake mapiritsi a zaka zingapo, koma pakhomo panali mzere wautali ndipo tinachita manyazi kufunsa zambiri.

Chimene chikundisokoneza ndi ichi. Kutchalitchi kwathu kunali amayi awiri amene anadwala matenda omwewa a khansa ya m'bere. Wina chotupa chake chinali chachikulu, ndipo mpaka lero ali moyo, akumwa mapiritsi ndi kulima mbatata ya kachewere monga kale. Winayo chotupa chake chinali chaching'ono, analandira mankhwala onse a m'dripi, koma tinamuika m'manda zisanathe zaka 2. Kodi kusiyana kumeneku kumaoneka pa zilembo ngati zimene zili pa pepala la akulu anga? Kodi pali chilembo chimene chimanena kuti munthu achira kapena sachira? Atsibweni athu akufuna kugulitsa ng'ombe 2 zapagoli kuti titumize chotupacho ku South Africa, chifukwa anamva kuti kumeneko kuli kuyeza kwa majini kumene kumanena zonse, ndipo wina watiuzanso kuti tizikayezetsa magazi otchedwa CA 15-3 ku labotale yolipira mwezi uliwonse. Tisanataye chuma cha banja, ndikupempha amene akuzidziwa bwino zimenezi atiunikire.

Wa labotale wopuma, Tete

Amayi aphunzitsi, pepani ndi matendawa. Ndinagwira ntchito mu labotale zaka zambiri, kudula tizidutswa ta minofu ndi kutipaka utoto kuti dokotala woyeza minofu atione pa maikulosikopu, choncho ndiyankha mbali imene manja anga anaizolowera, ndipo za kasankhidwe ka mankhwala ndisiyira eni ake.

Choyamba pitani mukawatonthoze mayi anu, chifukwa "positivo" wa pa RE ndi RP ndiye mawu abwino kwambiri pa pepala lonselo. RE ndi chidule cha "receptores de estrogénio" ndipo RP ndi "receptores de progesterona", kutanthauza malo olandirira mahomoni awiri a mayi. Pa mapepala ochokera ku Malawi mudzapeza alemba ER ndi PR. M'thupi la mayi muli homoni yotchedwa estrogen, imene pa msinkhu wa akulu anuwo imapangidwa makamaka m'mabasiketi a mazira, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuuza maselo a bere kuti akule. Khansa zambiri za m'bere zimasunga malo olandirira homoni imeneyi, kotero kuti zimakula podalira iyo. Mu labotale timapaka utoto umene umagwira pokhapokha pamene pali malo olandirirawo, ndipo 80% ikutanthauza kuti pa maselo 100 a chotupa, 80 anagwira utotowo. Kuyambira mu 2010 malangizo amene ma labotale ambiri amatsata amati ngakhale selo limodzi pa 100 likagwira utoto chotupacho chiwerengedwe kuti ndi "positivo", ndiye mukuona nokha kuti 80 ali kutali ndi malire.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa labotale zathu. Mu 1896 dokotala wina wa ku Glasgow, George Beatson, amene anali atamva kuti ng'ombe yaikazi ikachotsedwa mabasiketi a mazira itangobereka imapitiriza kutulutsa mkaka, analengeza kuti anachotsa mabasiketi a mayi wa khansa ya m'bere ndipo chotupa chinafota. Madokotala ena atayesa njirayi anapeza kuti imathandiza pafupifupi mayi mmodzi pa atatu, ndipo panalibe amene akanatha kuneneratu kuti mmodziyo ndi uti. Yankho linayamba kuoneka mu 1958, pamene Elwood Jensen wa ku Chicago anaonetsa kuti m'maselo ena muli cholandirira estrogen. Chilembo chimene chaliza mayi anu ndi mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Masiku ano mapiritsi amene amapatsidwa kawirikawiri kwa mayi wopitabe kumwezi ndi tamoxifen, mamiligalamu 20 pa tsiku kwa zaka zosachepera 5. Ine ndimawafotokozera anthu kuti piritsili limachita ngati munthu amene walawirira kukakhala pa mpando wa mu chapa: estrogen ikafika imapeza malo atatha, ndipo chotupa chimasowa wochiuza kuti chikule. Ofufuza a ku Oxford ataphatikiza zotsatira za amayi zikwi zambiri mu 2011 anapeza kuti kwa amene chotupa chawo chinali ndi RE, tamoxifen wa zaka 5 anachepetsa kubwerera kwa khansa pafupifupi ndi theka m'zaka zoyambirirazo, ndipo imfa zobwera ndi khansayi zinachepa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'zaka 15. Kwa amene chotupa chawo chinalibe RE, piritsi lomwelo silinathandize kanthu. Mwina amayi a mbatata aja ali m'gulu loyambalo, ngakhale sindinganenetse popanda kuona pepala lawo.

Pamene ndikufuna muikepo maso ndi pa "HER2 2+", chifukwa limeneli si yankho, ndi funso limene latsala. HER2 ndi puloteni ya pa khungu la selo, ndipo ikachuluka mopitirira muyeso chotupa chimakula mwaliwiro. Dennis Slamon ndi anzake ku Los Angeles anaonetsa mu 1987 kuti amayi a zotupa zotere khansa yawo imabwerera msanga, ndipo mu 1998 ku America anavomereza mankhwala a trastuzumab, amene amalimbana ndi puloteniyi mwachindunji. Pa khansa 100 za m'bere, 15 mpaka 20 zimakhala za mtundu umenewu. Tikapaka utoto timalemba 0, 1+, 2+ kapena 3+. Ziwiri zoyambazo zimawerengedwa kuti "negativo", 3+ ndi "positivo", koma 2+ ali pakati, ndipo amafunika kuyeza kwina kotchedwa ISH kapena FISH, kumene kumawerenga makope a jini ya HER2 m'selo. Sipafunika kudulanso munthu. Chotupa chija chinaumitsidwa mu phula, chimene timati "bloco de parafina", ndipo kabuloko kameneka kamasungidwa zaka zambiri. Mukafunse kuti kali kuti, nambala yake ndi chiyani, ndiponso ngati kangatumizidwe kumene amayeza ISH.

Ndionjezere chinthu chimodzi chimene anthu sachiganizira, koma ife a mu labotale chimatisowetsa tulo. Zilembo zonsezi zimadalira mmene nyamayo inasamalidwira itangochoka m'thupi. Iyenera kulowa mu formalin wa 10% lisanathe ola limodzi, chotupa chachikulu chiyenera kuchekedwa kuti mankhwalawo alowe mpaka pakati, ndipo iyenera kukhalamo maola osachepera 6 komanso osapitirira 72. Amene munakhalako ku Tete mwezi wa Okutobala mukudziwa chimene dzuwa la kuno limachita ndi nyama imene yasiyidwa pa tebulo. Nyama ikaonongeka utoto sugwira, ndipo chotupa chimene chinali ndi RE chimaoneka ngati chilibe. Cholakwa chotere chimakonda kubisa "positivo" osati kumupeka, choncho 80% ya akulu anu ndi yodalirika, koma ndikaona pepala lochokera kutali limene zonse zalembedwa "negativo", ndimayamba ndafunsa kuti botolo linayenda masiku angati.

Mayi wa ku Zóbuè

Mayi anzanga a ku Ulongué, ine si wa chipatala, ndine mmodzi wa odwalawo, ndipo ndaseka pang'ono powerenga za mayi anu chifukwa kwathu zinachitika mosemphana. Pepala langa linabwera ndi mawu akuti "triplo negativo", ndipo apongozi anga analulutira pakhonde pa chipatala, poganiza kuti "negativo" katatu ndiye kuti matenda palibe. Namwino ndi amene anatikhazika pansi n'kutiuza kuti chotupa changa chinalibe RE, chinalibe RP, chinalibenso HER2, kutanthauza kuti tamoxifen ndi trastuzumab sizikanandigwira, ndipo chimene chinatsala ndi quimioterapia, opareshoni ndi kuwotcha ndi makina.

Zimene abambo a labotale anena za botolo zinandichitikira ine. Kachidutswa kanga koyamba kanatengedwa Lachisanu pa chipatala china chimene sindichitchula, kanagona m'botolo la mankhwala ochepa mpaka sabata yotsatira, ndipo dokotala amene anandilandira pambuyo pake anakana kukhulupirira zotsatira zake. Anandibayanso kachiwiri, ndinadandaula kwambiri za ndalama za chapa ndi masabata otayika, koma lero ndimamuthokoza, chifukwa yankho lachiwiri, ngakhale linafanana ndi loyamba, linali loti munthu angaliikire moyo wake.

Ine mankhwala a m'dripi ndinalandira opareshoni isanachitike. Tsitsi linathothoka, zikhadabo zinada, ndipo panali masiku amene fungo la nsima lokha linkandisanzitsa. Koma atachotsa berelo n'kuliyeza, sanapezemo selo lamoyo la khansa, ngakhale m'khwapa. Dokotala anandiuza kuti pa mtundu wanga wa khansa chimenechi ndi chizindikiro champhamvu kuposa zonse zimene zinalembedwa pa pepala loyamba, ndiponso kuti "triplo negativo" ikafuna kubwerera imakonda kubwerera m'zaka 3 zoyambirira, ndipo zikadutsa zaka 5 chiopsezo chimatsika kwambiri. Tsopano ndili m'chaka chachisanu ndi chimodzi. Popeza mng'ono wa mayi anga anamwalira ndi khansa ya mabasiketi a mazira, anandiuzanso za majini obadwa nawo otchedwa BRCA1 ndi BRCA2, kuti ana anga aakazi azidziyang'anira msanga, koma imeneyo ndi nkhani ya magazi a mtundu, yosiyana ndi zilembo za chotupa.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi abambo a labotale ndi pa mawu akuti RE ndi nkhani yabwino. Ndi yabwino kwa amene akumwa mapiritsiwo mpaka kumapeto. Mnzanga amene tinkakhala naye pa benchi limodzi anali ndi RE wochuluka ngati wa akulu anuwo, ndipo ine ndinkamusirira. Atamwa tamoxifen chaka chimodzi ndi miyezi ingapo anasiya, chifukwa ankamva kutentha thupi usiku, ankadziona kuti wachira, ndipo ulendo wokatenga mapiritsi unkamudyera ndalama za feteleza. Patapita zaka 4 khansa inatulukira m'mafupa a msana. Khansa ya RE ndi yofatsa poyamba koma ili ndi chipiriro, imatha kudzuka patapita zaka 10 kapena kuposerapo. Ngati atsibweni anu ali ndi mtima wogulitsa ng'ombe, awerengere kaye maulendo onse a zaka 5 zikubwerazi.

Dokotala, mwana wa ku Tsangano

Amayi aphunzitsi, abambo a labotale ndi amayi a ku Zóbuè anena zoona, ndipo ine ndingolumikiza zidutswazo, pokumbukira kuti sindinawaone akulu anu ndipo mawu omaliza ndi a madokotala amene akuwasamalira.

Pa pepala lotere pali mafunso awiri osiyana amene anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti chotupachi chili ndi khalidwe lotani ndipo chafika pati, limene limatithandiza kuyerekeza chiopsezo choti khansa ibwerere. Lachiwiri ndi lakuti chotupachi chimamvera mankhwala ati. Kukula kwa chotupa ndi anabere a m'khwapa zimayankha funso loyamba lokha, pamene RE ndi HER2 zimayankha onse awiri, ndipo n'chifukwa chake tanthauzo la HER2 limasintha malinga ndi zimene zili m'nkhokwe ya mankhwala. Kumene kulibe trastuzumab, HER2 wa 3+ ndi uthenga woipa monga mmene unalili mu 1987. Kumene alipo, amayi a mtundu umenewu amachita bwino kwambiri, popeza kuonjezera mankhwalawa pa quimioterapia kumachepetsa imfa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, ndipo mu Disembala 2019 linavomereza koyamba mtundu wake wotsika mtengo, komabe mufunse mosabisa ngati akupezeka kumene akulu anu akalandirire chithandizo, chifukwa kukhala pa mndandanda ndi kukhala pa shelefu ndi zinthu ziwiri.

Manambala amene simunawafunse kwambiri, 3.5 ndi 2/11, ndi amene akulemera pa funso loyamba. 2/11 ikutanthauza kuti mwa anabere 11 amene anachotsedwa, 2 anapezeka ndi maselo a khansa. "Grau 2" ndi maonekedwe a maselowo pa maikulosikopu, pa muyeso woyambira 1, amene amafanana kwambiri ndi maselo abwinobwino, mpaka 3, amene ndi olusa. Mu 1982 madokotala a ku Nottingham anapanga kawerengedwe kosavuta kophatikiza zitatuzi, kamene inu aphunzitsi mungakachite pa bolodi. Kukula kwa chotupa m'masentimita kumachulukitsidwa ndi 0.2, ndiye 3.5 itipatsa 0.7. Anabere amapatsidwa 1 ngati onse ali oyera, 2 ngati okhudzidwa ndi 1 mpaka 3, ndi 3 ngati ndi 4 kapena kuposerapo, ndiye apa tilemba 2. Tikaonjezera "grau", amene ndi 2, tipeza 4.7, nambala imene ili m'gulu lapakati, la pakati pa 3.4 ndi 5.4. Sindikupatsani maperesenti a gulu limeneli mwadala, chifukwa anawerengedwa pa amayi a ku England a zaka zimene mankhwala ambiri a lero kunalibe, ndipo ngakhale akanakhala a kwathu, amanena za amayi 100 pamodzi, osatchula kuti mwa 100 amenewo akulu anu ndi uti. Kuyambira mu 2018 kagawidwe ka masiteji ka ku America kanayamba kuphatikiza RE, RP, HER2 ndi "grau" pamodzi ndi kukula ndi anabere, ndipo pa kagawidwe kameneka chotupa cha RE ndi RP chimatsitsidwa siteji poyerekeza ndi chinzake cha msinkhu womwewo chimene chilibe, poganiza kuti wodwalayo alandira mankhwala oyenera. Apa ndi pamene pangakhale yankho la amayi awiri a kutchalitchi kwanu aja.

Ki-67 ndimuike pa malo ake, chifukwa amaopseza anthu kuposa mmene ayenera. Ndi puloteni imene imaoneka m'maselo amene ali m'kati mogawikana, ndipo dzina lake likuchokera ku mzinda wa Kiel ku Germany, kumene inapezeka mu 1983. Kuiwerenga kuli ngati kulowa m'khola n'kuwerenga ng'ombe za bere kuti udziwe mmene ziweto zikuchulukira, ndipo vuto lake n'lakuti yankho limadalira khola limene walowa: mbali ina ya chotupa ikhoza kupereka 15, ina 35, ndipo anthu awiri oona galasi limodzi amasiyana. Akatswiri a kuyeza kumeneku amavomereza kuti 5% kutsika m'munsi ndi wochepa ndithu, 30% kukwera m'mwamba ndi wochuluka ndithu, koma zapakati sizokwanira pazokha kusinthira mankhwala. Choncho 25% musamutayire tulo.

Tsopano za ng'ombe. Kuyeza kumene atsibweni anu anamva kulipodi. Kodziwika kwambiri ndi Oncotype DX, kumene kumayang'ana majini 21 m'chotupa, ndi MammaPrint, kumene kumayang'ana 70. Ntchito yake si kunena zonse ayi, koma kuyankha funso limodzi lopapatiza: mwa amayi a chotupa cha RE chopanda HER2, ndani angasiye quimioterapia n'kudalira mapiritsi okha popanda kutaya kanthu? Kafukufuku wa TAILORx wa mu 2018 anaonetsa kuti ambiri mwa amene anabere awo ali oyera angathe kutero. Koma kafukufuku wa RxPONDER, amene anatuluka mu 2021 ndipo anayang'ana amayi okhala ndi anabere okhudzidwa 1 mpaka 3, anapeza kuti amene anasiya kupita kumwezi ndi amene angaisiye ngati nambala yawo ili yotsika, pamene opitabe kumwezi anapindula ndi quimioterapia ngakhale nambala yawo inali yotsika. Akulu anu ali ndi zaka 44, amapitabe kumwezi, ali ndi anabere 2 okhudzidwa, ndipo HER2 wawo sanadziwike. Mukhoza kugulitsa ng'ombe zonse za m'khola, pepala n'kubwera kuchokera kunja, malangizo a dokotala n'kukhala omwe aja. Ngati pali kuyeza koyenera kulipirira, ndi ISH ya HER2, chifukwa yokhayo ikhoza kusintha mankhwala.

CA 15-3 ya mwezi ndi mwezi nayonso ndikukuletsani. Imatha kukhala yabwinobwino khansa ilipo, imatha kukwera chifukwa cha matenda a chiwindi kapena zina zosakhudza khansa, ndipo kuitsata mwa mayi amene alibe chodandaula sikunaonetsedwe kuti kumatalikitsa moyo. Ili ndi ntchito yake pothandiza kuona ngati mankhwala akugwira mwa munthu amene khansa yake inafalikira kale, ndipo pamenepo dokotala ndiye amaiitanitsa.

Kunali chikhulupiriro chakuti khansa ya amayi a mu Africa pafupifupi yonse ilibe RE, ndipo mbali ina ya chikhulupirirochi inachokera ku nyama zosasamalidwa bwino zimene abambo a labotale afotokoza. Kafukufuku wa Moza-BC, wochitikira m'dziko lathu lino la Mozambique ndi kufalitsidwa mu 2020, anapeza kuti pafupifupi theka la amayi anali ndi chotupa cha RE chopanda HER2, pafupifupi mmodzi pa anayi anali ndi HER2, ndipo pafupifupi mmodzi pa anayi anali ndi "triplo negativo". Mitundu yolusayo ndi yochulukirapo kuno kusiyana ndi ku Ulaya, komabe chimene chinaonekera kwambiri n'chakuti amayi ambiri anafika matenda atapita kale patali. Chaka chomwecho kafukufuku wa ABC-DO, wa m'maiko 5 kuphatikizapo Zambia, anapeza kuti patapita zaka 3 theka lokha la amayi ndilo linali moyo, ndipo kufika mochedwa ndi kusamaliza chithandizo zinali pakati pa zifukwa zazikulu. Miyezi 7 ija inapita ndipo sitingaibweze, koma masabata amene akudutsa tsopano ali m'manja mwanu. Quimioterapia ya pambuyo pa opareshoni imagwira bwino ikayamba msanga, ndipo simuyenera kuichedwetsa podikira yankho la ISH, chifukwa pepalalo likhoza kuwapeza ali kale pa mankhwala. Mufunsenso za kuwotcha ndi makina, kumene kunayamba kuchitika ku Hospital Central de Maputo mu 2019, popeza pamene anabere akhudzidwa madokotala amakuganizira, ndipo ulendo wa ku Maputo ndi umene ungafune ng'ombe imodzi.

Nangondo, Ulongué

Zikomo kwambiri nonse atatu. Dzulo madzulo ndinawawerengera mayi athu ndi atsibweni mayankho anu onse, liwu ndi liwu, ndipo atsibweni avomera kuti ng'ombe zikhale kaye m'khola mpaka tidziwe za ulendo wa ku Maputo. Lolemba ndikwera chapa ya m'mamawa kupita ku Tete ndi akulu anga, ndipo ndalemba m'kope zoti ndikafunse: nambala ya kabuloko ka phula, kumene angayeze ISH, tsiku loyamba quimioterapia, ndiponso ngati trastuzumab alipo. Pali chinthu chimodzi chimene akulu anga anandinong'oneza titamva kuti chotupa chawo chimadya mahomoni. Iwo akhala akubayitsa jakisoni wolera wa miyezi 3 kuyambira pamene anabereka mwana womaliza, ndipo tsiku lawo lobayitsanso ndi sabata yamawa. Kodi apite kapena asapite?

Dokotala, mwana wa ku Tsangano

Asabayitse, amayi aphunzitsi, ndipo mwachita bwino kufunsa. Malangizo a WHO amaletsa njira zonse zolera za mahomoni kwa mayi amene ali ndi khansa ya m'bere, kaya ndi jakisoni, mapiritsi kapena kachipangizo ka pamkono. Koma asakhalenso opanda njira, chifukwa quimioterapia ndi tamoxifen zikhoza kuvulaza mwana m'mimba, ndipo mayi akhoza kutenga pakati ngakhale msambo utasokonekera ndi mankhwala. Lupu ya kopa, imene kuchipatala amati DIU, ilibe mahomoni ndipo ndi yololedwa, makondomu nawonso ndi ololedwa, ndipo ngati iwo ndi amuna awo aona kuti ana 5 akwana angakambirane ndi madokotala za kutseka. Lolembalo mutenge khadi lawo la kulera pamodzi ndi mankhwala ena alionse amene akumwa, kuphatikizapo a TB kapena ma ARV ngati alipo ndi a zitsamba omwe, chifukwa ena monga rifampicin amachepetsa tamoxifen m'magazi, ndipo dokotala ayenera kuwaona asanalembe dongosolo la mankhwala. Pepala la zotsatira mulijambulitse makope awiri musanalipereke kwa aliyense.